JANUSZ KORCZAK, DOTOLO WA ANA AMASIYE A KU WARSAW

M'mwezi wa Ogasiti, pamene kuno nkhokwe zadzala ndipo cisanu ciri kutha, anthu a ku Poland ndi Ayuda a m'maiko onse amakumbukira nkhalamba ina imene inatsagana ndi ana amasiye pafupifupi 200 pa ulendo wao wa ku imfa m'caka ca 1942. Dzina lace lodziwika ndilo Janusz Korczak. Iye anali Myuda, sanali wa mpingo wa Kristu. Koma moyo wace uunikira funso limene makolo, aphunzitsi ndi akulu a mpingo amakomana nalo kawiri kawiri. Funsolo ndi ili: mwana akacita coipa pa nthawi ya tsoka, njala ndi mantha zitamtsekera njira zonse zabwino, mlandu ukhala wa yani?

Dziko la Poland siliri lacilendo konse kwa anthu a kuno. M'zaka za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, akazi ndi ana ambiri a ku Poland othawa nkhondoyo anasungidwa m'misasa ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa, ku Abercorn (ndiko ku Mbala) ndi ku Fort Jameson (ndiko ku Chipata). Nkhondo isanabuke, Ayuda ena othawa ku Germany anafikanso m'dziko la Northern Rhodesia, ndipo pambuyo pace ku Lusaka kunamangidwa sunagoge. Amenewo anapeza pothawira. Ana a m'nkhani ino ndiwo ena mwa iwo amene anatsala kumeneko.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO ACE

Korczak anabadwira mu mzinda wa Warsaw pa 22 Julayi. Atate wace anacedwa kukamlembetsa ku boma, cotero mabuku ena amalemba caka ca 1878, ena 1879. Dzina lace la kubadwa linali Henryk Goldszmit. Masiku amenewo Warsaw unali m'manja mwa mfumu ya ku Russia. Atate wace, Józef Goldszmit, anali woimira anthu pa milandu, ndipo banja lao linali lopeza bwino. Koma atateyo anadwala nthenda ya mutu, nasungidwa m'cipatala ca odwala misala, namwalira m'caka ca 1896. Cuma cinatha. Henryk, akali mnyamata wa sukulu, anayamba kuphunzitsa ana a anthu olemera m'nyumba zao kuti apeze ndalama zodyetsera amace ndi mlongo wace. Motero anadziwa yekha kulemera kwa katundu wa akulu pa mutu wa mwana.

M'caka ca 1898 analowa sukulu yaikuru ya ku Warsaw kukaphunzira udotolo, ndipo caka comweco anadzicha Janusz Korczak polemba mabuku. Anatsiriza maphunziro m'caka ca 1905, natumizidwa kutali ku Manchuria kukasamala asilikari pa nkhondo ya Russia ndi Japan. Atabwerako anagwira nchito m'cipatala ca ana a Ciyuda ku Warsaw. Kumeneko anaona cinthu cimene cinamsowetsa mtendere: mwana amene wamciritsa lero anali kubwerera ku njala ndi nsabwe zomwe zija zinamdwalitsa. Cifukwa cace anasiya cipatala, ndipo m'caka ca 1912 anakhala woyang'anira nyumba yatsopano ya ana amasiye a Ciyuda pa mseu wa Krochmalna. Womthandiza wace wamkuru anali mai Stefania Wilczyńska, amene anagwira naye nchitoyo kufikira tsiku lotsiriza. Korczak sanakwatire. Anagona m'kacipinda ka pamwamba pa nyumbayo, ndipo ana oposa 100, a zaka 7 kufikira 14, ndiwo anali mbumba yace.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatengedwanso kukhala dotolo wa asilikari, ndipo m'mahema a ku nkhondo analemba buku lace la makondedwe a mwana. Dziko la Poland litalandira ufulu, anagwira nchito m'cipatala ca asilikari, natenga nthenda ya typhus, imene imafalitsidwa ndi nsabwe. Amace anamtengera kwao kukamdwazika. Iye anacira, koma amace anatenga nthendayo, namwalira m'caka ca 1920. Korczak anadziyesa wopalamula imfayo, ndipo cisoni cinatsala pang'ono kumgonjetsa. M'masiku amenewo analemba kabuku ka mapemphero. Cotero anadziwanso m'mtima mwace momwe munthu amadzitsutsira pa cinthu cimene sanacifune, cimenenso sakanatha kuciletsa.

BWALO LA ANA

Cimene cinachukitsa nyumba ya pa Krochmalna ndico bwalo la milandu la ana okha okha. Linakhala kamodzi pa sabata. Oweruza anali ana asanu, osankhidwa ndi maere mwa iwo amene analibe mlandu sabata imeneyo. Munthu wamkuru anali mlembi cabe, wosonkhanitsa umboni ndi kuwerenga. Mwana ali yense anali ndi ufulu wa kusumira mnzace, ngakhale mphunzitsi, polemba dzina lace pa bolodi.

Korczak analemba buku la malamulo a bwalolo, ndipo mayalidwe ace ngoyenera kuwapenyetsetsa. Malamulo oyamba, kuyambira 1 kufikira 99, onse anali omasula kapena okhululukira, liri lonse ndi cifukwa cace: wina analakwa mosadziwa, wina anaputidwa, wina anacita mwa mkwiyo nalapa, wina ali kuyesetsa koma cizolowezi cikali kumposa mphamvu. Pa lamulo la 100 m'pamene bwalo linayamba kunena kuti munthu walakwa ndithu. Kucokera pamenepo ciweruzo cinakwera ndi mazana mazana: kulengeza mlandu m'nyuzipepala ya nyumbayo, kuupacika pa bolodi, kuuza abale ace, kufuna mwana wina amene adzamuimira ngati nkhoswe. Lamulo la 1000 lokha ndilo linacotsa mwana m'nyumbamo, ndipo ngakhale iyeyo analoledwa kupempha kubwerera itapita miyezi itatu. Kukhululuka kunali patsogolo, komabe bwalo linali ndi udindo wa kuteteza ofatsa ndi ofoka kwa obvutitsa anzao.

Dotolo mwini wace sanali pamwamba pa bwalo. M'miyezi isanu ndi umodzi anadzipereka yekha kukaweruzidwa kasanu: tsiku lina cifukwa ca kumenya mnyamata khofi, lina cifukwa ca kuganizira mtsikana kuti waba, lina cifukwa ca kunyoza woweruza. Ndipo ana anamweruza monga anaweruzira anzao.

Pamenepa paoneka maganizo ace. Alipo anthu amene amayesa mwana ngati mwana wa mbuzi, wopanda cikumbumtima, wosayenera kufunsidwa kanthu. Alipo enanso amene amamsenzetsa mlandu wonse ngati munthu wamkuru, namkwapula osamva mau ace. Korczak anakana njira zonse ziwirizi. Anaona kuti mwana ali munthu lero lomwe, wodziwa cabwino ndi coipa, woyenera kuyankha pa zimene wacita. Koma anaonanso kuti mlandu uyenera kulingana ndi nzeru, mphamvu ndi ufulu umene mwanayo anali nao pa nthawi yolakwayo. Mabwalo a boma a ku Warsaw anali kumuitana ngati mboni yodziwa za ana, ndipo kumeneko anali kuonetsa oweruza njala ndi umasiye zimene zinali kumbuyo kwa umbava wa anyamata a m'miseu.

Nchito zace zinacuruka. Kuyambira 1919 anathandiza mai Maryna Falska kuyendetsa nyumba yaciwiri, ya ana amasiye a Akristu. Analemba nthano yochuka ya mfumu yacinyamata dzina lace Matt. M'caka ca 1926 anayambitsa nyuzipepala yolembedwa ndi ana eni ace, ndipo pambuyo pace analankhula pa wailesi, anthu namdziwa ndi dzina lakuti Dotolo Wokalamba. Anaceza ku Palestine m'zaka za 1934 ndi 1936, nabwerera kwa ana ace. Mai Wilczyńska anakhalako nthawi yotalikirapo, koma m'caka ca 1939, nkhondo iri pafupi, iwonso anabwerera ku Warsaw.

M'KATI MWA LINGA

Pa 1 Sepitembala 1939 asilikari a Adolf Hitler analowa m'dziko la Poland, ndipo mweziwo usanathe Warsaw unagonja. Ayuda analamulidwa kubvala nsaru yoyera ya nyenyezi pa mkono. M'mwezi wa Novembala 1940 anatsekeredwa m'dera lochedwa ghetto, lozingidwa ndi linga la njerwa lotalika mapazi 10. Anthu oposa 400,000 anapanikizidwa pa malo osafika mailo imodzi ndi theka m'litali ndi mailo imodzi m'lifupi. Ana amasiye anasamutsidwa kumka ku mseu wa Chłodna. Pa tsiku losamukalo Ajeremani analanda ngolo ya mbatatesi za ana. Korczak anamuka kukadandaula, wosabvala nsaru ija ya pa mkono, ndipo anammenya namtsekera m'ndende ya Pawiak masabata angapo. M'caka ca 1941 anawasamutsanso kumka ku nyumba yopanikiza ya pakati pa miseu ya Sienna ndi Śliska, ndipo ana anali atafika pafupifupi 200.

Cakudya cimene boma la Ajeremani linaloleza Myuda pa tsiku cinali cosakhoza kusunga moyo wa munthu. Pofika pakati pa caka ca 1942, anthu oposa 80,000 anali atafa ndi njala ndi matenda m'kati mwa lingalo. Otsalawo anakhala ndi moyo makamaka ndi cakudya colowa mobisa, ndipo ambiri mwa ocilowetsa anali ana ang'ono, pakuti iwo anakhoza kupyola m'timabowo ta m'munsi mwa linga ndi m'ngalande za madzi oipa. Kuyambira Okotobala 1941, Myuda woturuka m'lingamo wopanda cilolezo anali woyenera kuphedwa, pamodzi ndi ali yense womsunga. Alonda anali kuombera ana pa linga pomwepo.

M'menemo ana anakakamizidwa kusankha zimene ngakhale nkhalamba yanzeru ikanalephera. Mwana wa zaka 8 anayenera kusankha kuturuka, kapena kuphedwa pa bowo, kapena kukhala ndi kuona amace akufa ndi njala. Wina, atapeza nyenyeswa za mkate kunja, anagonja ndi njala nadya yekha panjira, nafika kwao manja ali zi. Ena anali kutsomphola mkate m'manja mwa odutsa, naumeza pomwepo alikukwapulidwa. Mabanja ena anabisa imfa ya m'bale wao kuti apitirire kulandira cakudya pa dzina lace, ndipo ana anaphunzitsidwa kunama. Wina anapeza Mkristu wolola kumbisa iye yekha, nasiya mng'ono wace m'kati. Ocepa amene anapulumuka anasenza zimenezi kufikira ukalamba, nadzifunsa usiku ngati iwo ndiwo anapha abale ao.

Korczak anaona zonsezi tsiku ndi tsiku, pakuti anali kuyenda khomo ndi khomo ndi thumba pa msana, kupempha cakudya ndi ndalama, miyendo yace iri yotupa. M'buku la zocitika za masiku ace, limene analilemba usiku kuyambira Meyi 1942, anasimba za anyamata atatu amene anali kusewera za akavalo pafupi ndi mtembo wa mnyamata mnzao. Atauona anangosendera pang'ono, napitiriza kusewera. Sanawadzudzule anawo. Mkwiyo wace unagwera akulu: olemera amene anamana amasiye, ndi anchito a nyumba yina ya pa mseu wa Dzielna, kumene ana odwala mazana angapo anali kufa pamene cakudya cao cinali kubedwa. Kuciyambi kwa 1942 anapempha yekha kuti ayang'anirenso nyumba imeneyo.

Komatu m'nyumba yace sanaleke kuyesa ana ngati anthu oyankha pa zocita zao. Bwalo linakhalabe, nyuzipepala inawerengedwabe Loweruka, ali yense anali ndi nchito yace ya kusesa kapena kutola mbale, ndipo dotolo anapitiriza kuwayeza pa sikelo, naona kulemera kwao kulikutsika. Za linga, za mfuti ndi za njala sanawafunse mlandu, pakuti sizinali m'manja mwao. Koma kugawana mkate molungama pa gome, kusanyoza wofoka, ndi kunena zoona kwa mnzace, izi zinali m'manja mwao, ndipo powafunsa zimenezi anawasungira ulemu wao wa umunthu pamene adani anafuna kuwasandutsa nyama.

ULENDO WOTSIRIZA

Abwenzi ace a kunja kwa linga, makamaka Igor Newerly amene kale anali mlembi wace, anamkonzera njira yothawira ndi pobisala. Korczak anakana, pakuti panalibe pobisa ana 200. Pa 18 Julayi 1942 anawo anacita sewero lolembedwa ndi Rabindranath Tagore wa ku India, lonena za mnyamata wodwala, wotsekeredwa m'nyumba, amene amwalira mwamtendere. Pa 22 Julayi, tsiku la kubadwa kwa dotoloyo, Ajeremani anayamba kusamutsa Ayuda a ku Warsaw zikwi zingapo tsiku liri lonse, nanena kuti apita kukagwira nchito kum'mawa. Zoona zace anali kupita ku Treblinka, ngati mailosi 50 kucokera ku Warsaw, kumene anthu anaphedwa ndi mpweya woipa m'zipinda zotseka tsiku lomwelo la kufika kwao.

M'masamba otsiriza a buku lace, Korczak anasimba kuti anali kuthirira maluwa pa zenera, msilikari wa mfuti alikumyang'ana, ndipo iye anali kulingalira kuti kapena msilikariyo kwao anali mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi. Pa 5 Ogasiti asilikari anazinga nyumbayo. Ana 192 ndi akulu pafupifupi 10 anandandalikidwa anai anai. Korczak anatsogolera, mai Wilczyńska natsata ndi gulu lina, ndipo anayenda pa dzuwa lotentha kufikira pa bwalo la sitima, nakwezedwa m'ngolo zonyamulira ng'ombe. Palibe mmodzi wa iwo amene anabwerera. Cotero pa tsiku limenelo panalibe mwana wa m'nyumbayo amene anasiyidwa yekha kuti asankhe comwe acite, pakuti akulu ao anasenza kusankhako, nakhala nao pamodzi.

Pa nkhondoyo Ayuda pafupifupi 6,000,000 anaphedwa, ndipo mwa iwo ana anali ngati 1,500,000. Buku la Korczak linaturutsidwa mobisa, linasungidwa m'nyumba ya mai Falska, ndipo linasindikizidwa m'caka ca 1958. Ku Treblinka kunaimikidwa miyala 17,000 ya cikumbutso. Yina iri ndi maina a midzi ndi mizinda, koma m'caka ca 1978 anaikapo mwala wolembedwa dzina la Korczak ndi ana. Caka comweco boma la Poland linapempha bungwe la United Nations kuti likonze pangano la maufulu a ana. Panganolo linabvomerezedwa m'caka ca 1989, ndipo maiko a Zambia ndi Malawi analowamo m'caka ca 1991.

PHUNZIRO KWA MPINGO

Akristu ayenera kuwerenga mbiri iyi ndi manyazi, pakuti ambiri mwa omanga linga ndi oyendetsa sitima zija anali anthu obatizidwa. Analipo ndithu ena, monga mai Irena Sendler ndi anzace, amene anaika moyo wao pa ciswe naturutsa ana a Ciyuda kukawabisa m'mabanja ndi m'nyumba za masisitere. Koma anali ocepa.

Malembo Oyera anena momveka za mwini wa mlandu wotere. Pa Mateyu 18 Ambuye aika tsoka lalikuru pa munthu wokhumudwitsa wamng'ono, ndipo mwanayo amuimika pakati ngati citsanzo. Pa Luka 12 aphunzitsa kuti munthu adzafunsidwa monga mwa zimene anapatsidwa. Pa Marko 2 akumbutsa Afarisi za Davide, amene anadya mkate wopatulika pa nthawi ya njala, ndipo samtsutsa. Mwazi wa ana a ku Aigupto unali pa Farao, ndi wa ana a ku Betelehemu pa Herode. Momwemonso bodza, umbava ndi kuthawa kwa ana a ku Warsaw ziri pa mitu ya iwo amene anamanga linga ndi kucepetsa mkate.

Nzeru imeneyi makolo a kuno anali nayo kale. Mbuzi zikalowa m'munda wa eni mwana alikuweta, mwanayo amadzudzulidwa ndi kulangizidwa, koma pa bwalo la mfumu amene amayankha ndi kulipa ndiye mwini mbumba. Koma tsoka likafika nzeruyi imaiwalika msanga. Pa njala ya 1949 ku Nyasaland, ndi pa njala ya 2002, ana anaba cinangwa ndi cimanga caciwisi m'minda, ndipo ena anamenyedwa koopsa. M'midzi muli anthu okalamba amene akali kudzitsutsa cifukwa ca nsima imene anadya okha mng'ono wao alikufooka. Ku Chunga ndi m'madera ena a mzinda wa Lusaka, monganso m'midzi, alipo ana amasiye amene alikulera anzao, nasankha tsiku ndi tsiku pakati pa sukulu ndi cakudya.

Cifukwa cace akulu a mpingo, mlandu wa mwana ukafika pamaso pao, acita bwino kufunsa mafunso atatu asanaweruze. Kodi mwanayu anadziwa ciani? Kodi inalipo njira yina yotseguka kwa iye? Ngati panalibe, anaitseka ndani? Pa zimene zinali m'manja mwace amdzudzule mwacikondi, pakuti kumleka osamfunsa kanthu ndiko kumpeputsa. Pa zimene zinamposa mphamvu ammasule poyera, ndipo mlanduwo aufune pakati pa akulu, kuyambira pa iwo eni. Ndipo nkhalamba imene yasenza katundu wa ubwana wace zaka zambiri iyenera kuuzidwa ndi mbusa wace kuti Mulungu, amene adziwa mapangidwe a munthu, anaona msinkhu wace ndi njala yace pa tsiku lija.

Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Janusz Korczak sanabale mwana, koma analera ana a eni zaka 30, ndipo pa tsiku la tsoka anapezeka pakati pao.